Basi inatifera kupitirira Kacholola, ndipo kumeneko ndinaona mmene amalumikizira faiba

Amene mukupita ku Chipata kuchokera ku Lusaka m'mwezi wa Okutobala, kwerani basi ya m'mbandakucha pa Intercity. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo mukachedwa kunyamuka, dzuwa la masana lidzakupezani m'chigwa cha Luangwa, komwe kutsegula windo sikuthandiza kanthu. Tikiti ndinagula K400. Katoni ya mabuku imene ndinanyamula anayamba ndi K80, titalimbana tinagwirizana K50, koma risiti yake sindinaione. Zimenezi zimandinyansa ulendo uliwonse. Mtengo wa munthu umadziwika, koma wa katundu umadalira mmene wolembayo wadzukira.

Za Chongwe ndi Rufunsa ndilibe nazo mawu, ndinali m'tulo. Pa Luangwa Bridge tinaima monga mwa masiku onse, pakati pa nsomba zouma ndi madengu. Gulani madzi pamenepo, mabotolo awiri osati limodzi, ndipo musayende opanda ndalama m'thumba. Tsikulo amene ankadalira ndalama za m'foni anabwerera m'basi chimanjamanja. Anyamata otumiza ndalama ankangoti netiweki yavuta kuyambira m'mawa.

Titakwera mapiri aja n'kudutsa Kacholola, injini inangozima. Sipanamveke phokoso, sipanatuluke utsi. Adalaivala anaikankhira m'mbali mwa msewu, kondakitala n'kuthyola nthambi kuyala pa tala kutsogolo ndi kumbuyo. Akatembenuza kiyi sitata inkazungulira bwinobwino, koma injini osagwira. Aliyense anatulutsa foni, ena kuikweza m'mwamba, ena kukwera nayo pachulu. Panalibe amene anaimba. Mitengo ya kumeneko nyengo imeneyi ilibe masamba, moti amayi a ana anakabisala kumthunzi wa basi yomweyo.

Chapatsogolo, pafupi ndi kalavati, panaima galimoto yoyera ndi anthu atatu ovala majekete owala. Kondakitala ananyamuka kukapempha thandizo, ine n'kumutsatira.

"Odi, amdala. Basi yatifera apo. Mungatibwerekeko foni tiimbire makaniko ku Nyimba?"

Mkulu wa gululo, bambo wa imvi pang'ono, anatiyankha mwaulemu. "Foni ndili nayo, achimwene, koma netiweki yake ndi iyi ili pansi apayi." Analoza m'dzenje. Munali nthambo yakuda ya faiba, imene imanyamula mauthenga a mafoni ndi intaneti pogwiritsa ntchito kuwala. Inali yodulidwa pakati, mbali zonse ziwiri zitaphwanyika.

Anatifotokozera kuti mvula ya chaka chatha inakokolola dothi pakalavatipo, nthamboyo n'kuonekera. Usiku wina munthu anabwera ndi nkhwangwa poganiza kuti muli mkuwa. Muli galasi lokhalokha ndi pulasitiki, ndipo palibe wogula zitsulo amene angapereke ngakhale ngwee imodzi. Malo odukawo sanawapeze poyenda wapansi. Ali ndi makina otchedwa OTDR amene amatumiza kuwala m'nthambo n'kuwerengera nthawi imene kwatenga kuti kubwerere, ndiye amanena kuti yaduka pa mtunda wakutiwakuti. Bamboyo anauza mnyamata amene ankakumba kuti asambe m'manja, atenge mita yoyezera magetsi, apite ndi kondakitala akaone basi. Ine ndinapempha kutsala, ndipo anandilola.

Ine ndimaphunzitsa sayansi kusekondale. Mutu wa kuwala ndauphunzitsa zaka zambiri, ndikujambula pabolodi mmene kuwala kumayendera m'kati mwa galasi osatulukira m'mbali. Tsikulo ndi pamene ndinaona manja a munthu akugwira ntchito imeneyi.

Wolumikizayo anali mtsikana, atakhala kumbuyo kwa galimoto, zitseko za mbali yochokera mphepo atatseka. Asanandipatse ndi moni womwe anati, "Amalume, pepani, imani cha uku kumene mphepo ikupita. Fumbi la nsapato zanu lingandionongere ntchito." Kenako anandipatsa moni bwinobwino n'kundikankhira chigubu choti ndikhalepo.

Nthamboyo inali ndi timapaipi tinayi, kalikonse kali ndi tiulusi ta galasi 12, tonse pamodzi 48. Popeza mbali yophwanyikayo anaidula n'kuikapo chidutswa chatsopano, kaulusi kalikonse kanafunika kulumikizidwa kawiri, uku ndi uko. Tiulusito tili ndi mitundu yake yotsatana mosasintha: buluu, olenji, girini, bulauni, mpaka 12. Mtsikanayo ankaitchula pamtima. Ukalumikiza girini ndi bulauni, uthenga wa banki umakathera kwina.

Ankayamba ndi kulowetsa kapaipi kakang'ono kotetezera, kamene kali ndi kachitsulo mkati. Kenako ankasenda chikopa cha kaulusiko ndi pulayasi yake yapadera, n'kutsala galasi lenileni. Kukula kwake ndi mamaikiromita 125, ndipo milimita imodzi ili ndi mamaikiromita 1,000. Ndiye kuti galasilo limaposa tsitsi la munthu pang'ono chabe. Koma njira imene kuwala kumadutsa, pakatikati pake, ndi mamaikiromita 9 okha. Malo awiri ochepa chonchi ndi amene ayenera kuyang'anizana ndendende. Ankapukuta ndi sipiriti mpaka galasilo litalira pansalu, n'kuliika m'kachipangizo kodulira kamene kamalikanda pang'ono n'kulithyola mowongoka. Zidutswa zotsala ankaziponya m'kabotolo kotseka, chifukwa zikalowa m'chala sizioneka ndipo kuzitulutsa ndi ntchito.

Makina olumikizira ndi aang'ono, otheka kunyamula ndi dzanja limodzi, opangidwa ku Japan. Makampani odziwika pa makina amenewa ndi Fujikura ndi Sumitomo. Mtsikanayo ankagoneka mbali ziwiri zija m'timizere take n'kutseka chivundikiro. Pagalasi la makinawo zinkaoneka zitakulitsidwa, zikuyenda zokha pang'onopang'ono, ina kukwera, ina kutsika, mpaka zitalingana. Kenako kamoto ka magetsi kanathwanima pakati pa tinsonga tiwiri, galasi n'kusungunuka n'kukhala limodzi. Timasekondi tochepa basi. Makinawo analemba 0.02 dB, kusonyeza kuti kuwala kotayika pamfundoyo n'kochepa kwambiri. Anakokera kapaipi kaja pamwamba pake, n'kukawotcha m'kauvuni ka pamakina pomwepo, kenako n'kukagoneka m'kathireyi mozungulira bwino kuti kasapindike.

Nthawi ina makina anakana, akuti kudulako kwapendekeka. Mtsikanayo sanadandaule kapena kuwakakamiza. Anachotsa, anasendanso, anapukutanso, anadulanso. Thukuta linkatsikira m'khosi, koma manja osanjenjemera. Nditawerama kuti ndione kunsonga kwa kaulusi kena anandiletsa msanga. "Musayang'anemo, amalume. Kuwala kwake sikuoneka ndi maso, koma kumaononga diso." Ndi zoona, kuwala kumene amatumiza n'kwa mananomita 1310 kapena 1550 (muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala), kunja kwa malire a zimene diso la munthu limaona.

Mabuku athu amatchula Charles Kao, amene mu 1966 pamodzi ndi George Hockham ku England anasonyeza kuti galasi loyeretsedwa bwino lingatengere kuwala kutali, ndipo mu 2009 analandira mphoto ya Nobel. Amatchulanso akatswiri a kampani ya Corning ku America amene mu 1970 anapanga ulusi woyamba wotheka kugwira ntchito imeneyi. Za mfundo zolumikizira ulusiwu mabuku sanena kanthu. Koma palibe nthambo imene imachoka ku Lusaka kukafika ku Mwami, pamalire ndi Malawi, ili imodzi. Imabwera m'magudumu a makilomita ochepa, ndipo iyenera kulumikizidwa m'njira monsemo, kenako n'kulowetsedwa m'makina kumapeto. Galasi likhale loyera chotani, mfundo ikaipa zonse zaipa. Kwa ine anthu amene anatulukira njira zolumikizira anachita ntchito yofanana kukula ndi ya amene anatulukira galasilo, ndipo ana athu ayenera kuphunzira za iwonso.

Nditanena zimenezi, bambo uja anakondwa n'kutulutsa kabokosi ka makonekita, aja amalowetsa ndi kuzula pamakina. Anandiika m'manja imodziimodzi. Ya makona anayi ndi SC, imene inapangidwa ndi kampani ya matelefoni ya NTT ku Japan m'zaka za m'ma 1980. Kunsonga kwake kuli kandodo koyera ka mamilimita 2.5, kopangidwa ndi dothi lolimba kwambiri lotchedwa zirconia, ndipo pakati pake pali kabowo kongokwana galasi lija. Mkati muli sipuling'i yokankha kuti nsonga ziwiri zigundane bwino. Yaing'ono ndi LC ya kampani ya Lucent ya ku America, kandodo kake ka mamilimita 1.25, theka la inzake, kuti pamalo amodzimodzi pakwane zochuluka. Analinso ndi yakale yozungulira, ST, imene umalowetsa n'kupotoza. Zina zinali za buluu, zina za girini. Ya girini nsonga yake amainola mopendekeka madigiri 8 kuti kuwala kobwerera kusalowenso m'njira yake. Ukalumikiza ya buluu ndi ya girini, nsonga sizikhudzana bwino ndipo zimatha kukandana.

Ndinafunsa ngati amazimanga okha. Anapukusa mutu. Kufakitale makina amathira guluu m'kandodo kaja, kulowetsa galasi, kuumitsa mu uvuni, kenako makina ena amagwira makonekita ambiri nthawi imodzi n'kumanola nsonga zake pa mapepala osalala, kuyambira lokhakhala mpaka losalala kwambiri, ndipo pomaliza amaziyang'ana pa maikulosikopu. M'fumbi la m'mbali mwa msewu ntchito imeneyo singatheke bwino. Ndiye amagula konekita yomangidwa kale ndi kamchira ka ulusi, iwo n'kungowotcherera kamchirako. Konekita iliyonse inali ndi kachipewa kake, ndipo bamboyo ankabwezeretsa kachipewako ndisanamalize n'komwe kuyang'ana.

Tili pomwepo tinamva injini ya basi ikulira, anthu n'kukuwa ndi chimwemwe. Mnyamata uja anabwera atanyamula chimene chinativutitsa. Waya wopita ku kavalavu ka magetsi kotsegulira dizilo anaduka kalekale, ndipo wina anangopota mbali ziwirizo ndi zala n'kukulunga tepi yakuda. Kutentha ndi kugwedezeka kwa m'mapiri kunamasula mfundoyo, mkuwa utada kale. Iye anadula mbali yoipayo, anasenda, analowetsa mawaya onse awiri m'kapaipi kachitsulo n'kufinya ndi pulayasi yofinyira, basi. Njira yofinya popanda kuwotcherera ndi mtovu si yachilendo. Kampani ya AMP ku America inayamba mu 1941 ndi ntchito yomweyi, kupangira ndege ndi sitima za pamadzi. Adalaivala anatulutsa K100, mnyamatayo anakana kwamtuwagalu. Mayi wina wachikulire anamasula thumba lake n'kumupatsa nsomba ziwiri za ku Luangwa. "Izi usakane, mwanangu." Analandira ndi manja awiri.

Pano ndilankhulepo zimene zimandiwawa. Basi yonyamula anthu oposa 60 ikuyenda m'mapiri ndi waya wopota ndi zala. Ndipo si basi yokha. Lowani m'nyumba zathu, m'mashopu, m'malo ometera: mawaya opotana, tepi yomatuka, ena kulowetsa waya wopanda pulagi m'soketi n'kutsekera ndi kamtengo ka machesi. Mfundo yosagwira bwino imatentha, chifukwa magetsi akudutsa pamalo ochepa. Ikatentha imamasuka kwambiri, n'kumatenthanso koposa, mpaka tsiku lina denga layaka, ife n'kumati ndi tsoka kapena watilodza mnansi. Mwini basiyo ndalama yogulira matayala ali nayo. Kachitsulo ka makwacha ochepa kanamukanika bwanji?

Wodula nthambo ujanso sindikumumvera chisoni. Dziko lathu lilibe nyanja yaikulu, ndipo intaneti yathu imadzera m'mayiko oyandikana nafe kuchokera ku nthambo za pansi pa nyanja, monga ya SEACOM imene inafika ku Dar es Salaam ndi Maputo mu 2009. Nthambo ya m'mbali mwa msewu imanyamula malipiro a aphunzitsi, ndalama za mlimi wogulitsa soya, uthenga wa odwala. Komabe eni nthambozi nawo achitepo kanthu. Zikwangwani zawo zili m'Chingerezi. Alembe m'chinenero chathu kuti muno mulibe mkuwa, akhale pansi ndi mafumu a m'midzi yodutsamo nthamboyo, ndipo pakalavati pakakokoloka akwirire mvula isanabwerenso.

Potsanzikana mtsikana uja anandidulira chidutswa cha nthambo yowonongekayo, atamata tepi kunsonga zonse ziwiri. "Mukawaonetse ana anu, amalume, koma asagwire galasilo ndi zala." Anali asanafike ndi theka lomwe la ntchito yake, ndipo anati agona pomwepo ngati kuyenera kutero.

Ku Nyimba nthochi ndi zotchipa ndipo ndi zokoma, gulani phava lonse. Petauke, Sinda ndi Katete tinangodutsa kukuda. Tinalowa mu Chipata usiku, mauthenga n'kuyamba kulowa m'mafoni tili pafupi ndi tawuni. Mukafika mochedwa chonchi ndi katundu, tengani takisi, za njinga musiyire masana, ndipo mtengo mugwirizane musanakwere.

M'mawa mwake ndinatsikira ku Down Shops kukafuna zolumikizira mawaya za kunyumba ndi za m'kalasi. Mzere wa makonekita 12 a sikuluwu ndinagula K25, ndipo alipo ambiri. Pulayasi yofinyira ija sindinaipeze. Wogulitsa wina anati anthu saifunsa, ndikafufuze ku Lusaka, koma tepi yakuda anali nayo makatoni. Eni mashopu a zamagetsi ku Chipata, itanitsani ngakhale zochepa, muziike poonekera pamodzi ndi timapaipi take, ndipo muwaonetse amakaniko a ku Kapata mmene zimagwirira ntchito.