Wowerenga maola asakhale wodya maolawo: sabata ya case manager ku America

Lolemba m'mawa, fayilo ya munthu watsopano ikafika, ife ma case manager, amene timaunika zosowa za munthu ndi kumulembera pulani ya chisamaliro chapakhomo, sitiyamba ndi ulumali wake. Timayamba tadzifufuza tokha. Kodi amene apatsidwe fayiloyi ali paubale ndi mwini wake, wamagazi kapena wa ukwati? Nanga ali paubale ndi amene amalipidwa pomusamalira? Kodi amamusungira ndalama, kapena ali ndi mphamvu zomusankhira za kuchipatala? Kodi ali ndi gawo mu kampani yotumiza osamalira anthu m'makomo? Mafunso amenewa alembedwa m'malamulo a mapulogalamu a Medicaid (thandizo la zaumoyo la boma kwa anthu opeza zochepa ndi olumala) otchedwa 1915(i) ndi 1915(k), ndipo yankho limodzi lokha la "inde" limakwanira kuti fayilo ipite kwa wina.

Lamulo lalikulu pankhaniyi linatuluka ku CMS, nthambi ya boma yoyang'anira Medicaid, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 17 Malichi 2014. Likuti bungwe limene limapereka chisamaliro chapakhomo kwa munthu, ngakhalenso wantchito wa bungwelo, sangakhale case manager wa munthu yemweyo, ndiponso sangamulembere pulani ya chisamaliro. Chifukwa chake n'chosabisika. Mbuzi imadya pomwe aimangirira: kampani yolipidwa pa ola ikamadziwerengera yokha maola, maolawo amanenepa, ndipo munthu akadandaula kuti womusamalira sakubwera, dandaulo limagwera m'manja mwa yemwe akudandaulidwayo. Mpata ulipo umodzi wokha, wa madera akutali kumene boma la state lasonyeza kuti palibe bungwe lina loyenera komanso lofuna ntchitoyi. Kumeneko bungwe limodzi likhoza kugwira zonse, koma CMS iyenera kuvomereza, mbali ziwirizo zilekanitsidwe mkati mwa bungwelo, ndipo munthu apatsidwe njira ina yokadandaulira. Amalawi amene mukugwira ntchito zosamalira anthu kuno n'kumalingalira zotsegula kampani yanuyanu, dziwiranitu izi: kwa munthu mmodzi simungavale zipewa zonse ziwiri.

Za maphunziro, state iliyonse ili ndi muyezo wake umene imalemba mu waiver yake, chikalata cha pulogalamu yake chimene CMS imavomereza. Zambiri zimafuna digiri ya social work kapena yofanana nayo, zina zimalolanso namwino, ndipo dzina la ntchito limasinthasintha: ku California amati service coordinator, kwina support coordinator.

Lachiwiri ndi tsiku lopita kunyumba, ndipo apa ndi pamene sabata imalemerera. Funso lakuti "mumatha kusamba nokha?" n'lopanda ntchito, pakuti pafupifupi aliyense amayankha kuti amatha. Manyazi ndiwo amayankha. Timapempha kuona bafa. Mlomo wa bafa ukafika m'mawondo, pakhoma popanda chogwirira, thaulo ili gwa! kuuma, sopo atang'ambika chifukwa chosakhudza madzi, ndiye kuti yankho tapeza. Timatsegulanso filiji ndi chilolezo, n'kuyang'ana kabokosi ka mankhwala ka masiku asanu ndi awiri. Ngati lero ndi Lachiwiri koma mapiritsi a Loweruka akadali momwemo, chimenecho chimalowa m'lipoti.

Kenako masamu. Tiyerekeze mayi woyendera njinga ya olumala: kusamba mphindi 30, kuvala 15, kuchoka pabedi ndi kupita kuchimbudzi 30, chakudya 45. Pamodzi ndi maola awiri patsiku. Chisamaliro chotere chimalipidwa m'timagawo ta mphindi 15, choncho ndi timagawo 8 patsiku, 56 pasabata. Cholakwika chofala n'kuwerengera tsiku labwino. Munthu wa multiple sclerosis, matenda a mitsempha ya ubongo ndi msana, amene waimirira yekha 10 koloko m'mawa akhoza kulephera kunyamula supuni madzulo, ndiye timafunsa za tsiku loipitsitsa ndi kuti limabwera kangati. Cholakwika china n'kuyesa kuti mwana wamkazi amene wakhala pambaliyo adzapezeka masiku onse. Pulani singakakamize wachibale kugwira ntchito yaulere. Imalemba chokhacho chimene iye wavomera mwa kufuna kwake.

Lachitatu, msonkhano wa pulani. Mwini wake ndiye amasankha malo, nthawi ndi anthu oti abwere. Timamupatsa mndandanda wa makampani onse ovomerezeka m'dera lake, osati awiri amene timagwirizana nawo. Akafunsa kuti "inuyo mungasankhe iti?", timam'patsa mafunso oti akafunse yekha: wosamalira akadwala mumatumiza wina pakatha maola angati? Loweruka ndi Lamlungu muli ndi anthu? Woimira kampani amaloledwa kukhalapo ndi kufotokoza zimene akuona tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zambiri amadziwa zoona kuposa ife, koma pulaniyo salemba ndi iye. Pomaliza onse amene adzagwire ntchito ya m'pulaniyo amasaina, mwini wake n'kulandira kope. Pulani imaunikidwanso miyezi 12 isanathe, kapena zinthu zikasintha kwambiri, kapena mwini wake akangopempha.

Lachinayi limapita ndi foni ndi kompyuta. Lamulo la 21st Century Cures Act la 2016 linabweretsa EVV, njira yoti wosamalira azilembetsa pafoni nthawi yofika ndi yochoka, malo, dzina lake, dzina la wosamalidwa ndi ntchito imene wagwira. Pulani ikati timagawo 56 koma EVV n'kuonetsa 41, pasowa maola atatu ndi mphindi 45. Sitithamangira kunena kuti pali kuba. Mwina netiweki inavuta, mwina wosamalira anaiwala kulembetsa nthawi yochoka, mwina kampani ilibe munthu wa Lamlungu ndipo yangokhala chete. Timaimbira mwini nyumba poyamba, kampani pambuyo, ndipo kuimbako kukhale pa nthawi imene wosamalira palibe, chifukwa munthu sangadandaule pamaso pa yemwe amusambitse mawa. Pano ndi pomwe kulekanitsa kuja kumaonekera phindu: kunena kuti "muli ndi ufulu wosintha kampani" n'kosavuta ngati malipiro ako sachokera ku kampaniyo.

Yesero lina limabwera mwaulemu. Wosamalira sanabwere, munthu ali ndi njala, iwe uli pomwepo. Kum'tenthetsera chakudya ndi umunthu, koma sikulembedwa ngati case management, pakuti ntchito yathu m'malamulo ndi inayi: kuunika, kulemba pulani, kulumikiza munthu ndi thandizo, ndi kulondoloza. Chofunika n'kutsegula tsamba la m'pulani lonena woti aitanidwe zikatere, ndipo ngati tsambalo lili ndi nambala ya foni yakufa, wolakwa ndi amene analemba.

Lachisanu ndi la mapepala. Ulendo uliwonse ndi foni iliyonse zilembedwe tsiku, nthawi, amene tinalankhula naye ndi chimene chatsatira, apo ayi ofufuza mabuku amati sizinachitike ndipo ndalama zibwezedwe. Ngati kuunika kwa Lachiwiri kwatsitsa maola a munthu, kalata yomudziwitsa iyenera kutumizidwa kutatsala masiku osachepera 10 kuti kusinthako kuyambe, ifotokoze chifukwa ndi njira yochitira apilo. Akachita apilo tsikulo lisanafike, maola akale amapitirira mpaka mlandu utagamulidwa. Ambiri saiwerenga kalatayo mpaka kumapeto, choncho foni yomaliza ya sabata imakhala yomuuza kuti aitsegule ndi kuyang'ana detilo.