Amene amapsa ndi mkazi: zomwe ndaona mu mafilimu a ku Bengal

Pa maphunziro athu a kanema tafika pa mafilimu olizitsa a ku Bengal (dera limene lero mbali ina ili ku India, ina ndi dziko la Bangladesh), makamaka opangidwa ku Calcutta dziko la India litagawidwa mu 1947. Funso limene landigwira ndi ili: anthu a zipembedzo zosiyana akakondana, wotaya zake ndani?

Tayambani ndi Saptapadi ya mu 1961, imene anaiwongolera Ajoy Kar kuchokera m'buku la Tarasankar Bandyopadhyay. Uttam Kumar akusewera ngati Krishnendu, Mhindu wa mtundu wa Brahmin (mtundu wapamwamba wa ansembe) wophunzira udokotala. Suchitra Sen akusewera ngati Rina Brown, Mkhristu wa chi Anglo-Indian (wa magazi osakanikira a Chingerezi ndi Chiindiya). Poyamba sakondana n'komwe, koma sewero la Othello lapakoleji liwayandikitsa. Bambo a Rina akuti mnyamata alowe Chikhristu, ndipo alowadi. Apa munthu ungaganize kuti wadzipereka ndi mwamuna. Ayi ndithu. Bambo ake a Krishnendu apita kwa Rina mobisa kukam'dandaulira kuti awasiyire mwana wawo, iye avomera, n'kumukana chibwenzi chake osanena chifukwa. Kenako azindikira kuti mayi wantchito amene anamulera ndiye mayi ake om'bereka. Moyo wake usokonekera, ayamba kumwa mowa m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Krishnendu naye avutika, koma iye asanduka dokotala wothandiza anthu, wolemekezeka. Mwamuna wasintha chipembedzo n'kukwera, mkazi wasunga lonjezo n'kugwa.

Anthu ambiri amangokumbukira nyimbo imene awiriwa amaimba ali pa njinga yamoto. Ndi yokomadi, koma imaphimba nkhanza imene ili pansi pa nkhaniyi.

Antony Firingee ya mu 1967 ndi chimodzimodzi. Uttam Kumar yemweyo ndi mlakatuli wa mtundu wa Chipwitikizi amene amaimbira Kali ndi Durga, milungu yaikazi ya Chihindu, m'Chibengali mpaka kugonjetsa eni ake pa mipikisano. Iye awomberedwa m'manja, koma mkazi wake, amene wosewera wake ndi Tanuja, afera m'moto umene anthu am'mudzi anayatsa.

Chimene chandidabwitsa ndi choti mu mafilimu awiriwa mlendo ndi Mkhristu, pomwe bala lenileni la Bengal linali pakati pa Ahindu ndi Asilamu. Anthu anaphana ku Calcutta mu Ogasiti 1946, ndipo chaka chotsatira malire anadula dera lonselo pakati. Ine ndikuona kuti opanga mafilimu anazemba dala. Akhristu anali ochepa, kotero kukamba za iwo sikukanautsa chipolowe, koma woonera aliyense ankadziwa kumene nkhani ikuloza.

Mu Bishorjan ya Kaushik Ganguly, ya mu 2017, kuzembako kunatha. Padma, mkazi wamasiye wa Chihindu ku Bangladesh, atola Nasir, Msilamu wa ku India, ali chikomokere m'mphepete mwa mtsinje wa Ichhamati. Am'bisa, am'samalira, akondana. Kuti Nasir awoloke kubwerera kwawo, Padma avomera kukwatiwa ndi Ganesh, mwamuna amene samufuna. Papita zaka zoposa 50 chichokereni kwa Rina Brown, chipembedzo chikutchulidwa poyera tsopano, koma wolipira akadali mkazi. M'mayeso ndikufuna kulemba za Ganesh, chifukwa ndi yekhayo amene wapeza chimene ankafuna.