Nayitrojeni pa lupsa la nkhalango za aspen ndi spruce

Chomwe chimasocheretsa ambiri pophunzira za moto wolusa n'chakuti dothi la pa lupsa ukaliyeza limaoneka ngati lalemera. Amoniyamu, mtundu wa nayitrojeni (chakudya cha zomera) womwe mizu imayamwa, amakwera ndithu, mwina mpaka kuwirikiza kawiri. Koma nkhalangoyo imakhala itasauka. Nayitrojeni amayamba kuuluka ndi utsi kutentha kukangofika madigiri 200 a Celsius, pomwe fosifolasi ndi potaziyamu amapirira kupitirira madigiri 700. Amoniyamu wochulukayo ndi zotsalira chabe, zochokera ku zinyalala zopserera ndi tizilombo ta m'nthaka tomwe tafa ndi moto.

Nayitireti, mtundu wina wa nayitrojeni, amabwera mochedwa, patapita milungu kapena miyezi, phulusa likachepetsa asidi ndipo mabakiteriya ayamba kusandutsa amoniyamu uja. Ngozi ili pamenepa. Amoniyamu amamatirira ku dongo, koma nayitireti amatsika ndi mvula kapena chipale chosungunuka n'kukathera m'mitsinje ngati palibe mizu yomuyamwa.

Ku Alberta m'dziko la Canada, komwe moto wa ku Fort McMurray unatentha mahekitala pafupifupi 590,000 mu 2016, mitengo ya aspen ndi spruce imamera moyandikana, koma moto suisiya mofanana. Thunthu la aspen limafa, mizu ikadali moyo, ndipo posakhalitsa imatulutsa mphukira zikwizikwi pa hekitala zomwe zimagwira nayitireti asanathawe. Masamba akenso amaola msanga, choncho nayitrojeni wambiri amakhala atalowa kale m'dothi, momwe kutentha kumalekezera masentimita ochepa apamwamba.

Black spruce, mtundu wina wa spruce, ndiye womvetsa chisoni. Chuma chake cha nayitrojeni chimakhala pamtunda, mu mphasa ya ndere ndi masamba osaola yomwe imatha kukhuthala masentimita 20 kapena kuposa. Chaka cha chilala mphasayi imanyeka pang'onopang'ono ngati uvuni wa makala, ndipo zomwe zinaunjikana kwa zaka zambirimbiri zimatha m'masiku owerengeka. Zobwezeretsa zilipo, monga mitengo ya alder yokhala ndi mabakiteriya a Frankia m'mizu yake, omwe amakoka nayitrojeni kuchokera mu mpweya, koma ntchitoyo imatenga zaka makumi angapo.

N'chifukwa chake ndimaona kuti kayezedwe ndiye mutu wa phunziroli. Mphasa yapamwamba itengeni payokha, dothi la masentimita 0 mpaka 5 payokha, 5 mpaka 10 payokhanso. Mukasakaniza, kusintha kwa pamwamba kumabisika. Kuti mutulutse amoniyamu ndi nayitireti, thirani magalamu 10 a dothi losaumitsa mu mamililita 100 a 2 M KCl (madzi osungunuliramo mchere wa potaziyamu kulorayidi), khutchumulani kwa ola limodzi, kenako sefani. Dothilo lisungidwe pozizira ndipo lisagone masiku, chifukwa tizilombo timapitiriza ntchito m'thumbamo n'kusintha zotsatira.

Pomaliza werengerani makilogalamu a nayitrojeni pa hekitala, osati pa galamu ya dothi, apo ayi mphasa yomwe yapsa siilowa m'masamu. Mudziwa bwanji kukhuthala kwake pomwe yapsa kale? Yang'anani patsinde pa black spruce. Mtengowu umatulutsa timizu m'kati mwa ndere pamene zikukwera, ndipo timizu tapamwamba kwambiri, tomwe tatsala m'malere titada bii, timasonyeza pafupi ndi pomwe mphasayo inkalekezera. Yezani kuchokera pamenepo kufika pansi pomwe patsala.