Singer ya azakhali yasiya kudumpha masitichi

Anzanga okonda makina akale, Singer ija yakhala ikundizunguza mutu tsopano ikusoka. Dzulo madzulo ndapinda mwendo wa jinzi, ndikuwoloka pamsoko pokhuthala paja pamene makina ambiri amatsamwa, ndipo kuyambira poyambira mpaka pothera palibe sitichi ndi imodzi yomwe yadumpha. Ndatembenuza nsalu, kunsi nakonso kwayera, ulusi sunapange chisa. Mayi a kunyumba anachita kubwera kuchokera kukhitchini kudzaona, poti kalekale anali atanena kuti chitsulo chimenechi ndi chongotsekereza njira.

Kwa amene simunaione: ndi Singer ya mtundu wa 15K88, yopalasa, ija ili ndi kachitsulo kobwezera m'mbuyo. Inali ya azakhali ku Chiradzulu, ndipo ana ambiri a m'mudzi mwathu anapita kusukulu atavala yunifolomu yotuluka pansi pa phazi lake lopanikizira nsalu. Maso atayamba kuwavuta, anaikankhira m'chipinda chosungiramo chimanga. Mmene ndinkaitenga n'kuti gudumu litauma gwa, ndipo pansi pa puleti panadzaza fumbi la anankafumbwe losakanikirana ndi oyilo wakale. Nambala yake imayamba ndi zilembo ziwiri, choyamba ndi E, kusonyeza kuti inapangidwa ku Clydebank, ku Scotland. K wa pa 15K uja akuimira Kilbowie, dera lomwe kunali fakitaleyo, imene inatsekedwa mu 1980. Chimandisangalatsa n'chakuti Clydebank ili m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, womwewo umene umadutsa ku Blantyre wa kumeneko, kwawo kwa David Livingstone, komwe mzinda wathu uno unatenga dzina. Ndiye ikamalira muno mu Zingwangwa ndimati ili kwa abale ake.

Kuitsuka sikunavute. Palafini, kamswachi kakale, oyilo wa makina osokera m'timabowo tonse, lamba watsopano, basi gudumu linayamba kuzungulira lokha ukangoligunda ndi chala. Za oyilo ndinenepo kamodzi: wophikira musayerekeze, amauma n'kusanduka phula, ndipo theka la makina amene ndawatsegulapo anafa ndi ameneyu.

Vuto linali kudumpha masitichi. Pa poplini kapena pa chitenje chopinda kawiri inkasoka bwinobwino ndithu. Ndikangoika jinzi, masitichi atatu abwino, kenako ulusi n'kuyenda pamwamba osagwira, kenako n'kugwiranso. Aliyense amene ndinamufunsa anali ndi mankhwala ake. Wina akuti singano, wina tenshoni (kukungika kwa ulusi), wina ulusi wa masiku ano ndi wachabechabe, wina bobini kesi (kachitsulo kokhalamo bobini ya ulusi wa pansi) yatha. Onsewo ananena zoona, chifukwa chilichonse mwa zimenezi chimadumphitsadi masitichi. Nkhani ndi yoti chimene chikudumphitsa pa makina ako ndi chiti.

Nthawi yomweyo pa thebulo panali makina enanso awiri otsegula: Butterfly ya alamu anga yomwe imadula ulusi, ndi 99K, mtundu wina wa Singer, yopukusa ndi dzanja yomwe ndinaigula motchipa kwa munthu wina amene ankasamuka. Mukudziwa mmene zimakhalira. Singer ikakukwiyitsa umatembenukira kwa Butterfly, uko ukapeza sikuluwu yokana umapita kwa 99K, foni nayo ikulira pambali. Usiku umakwana manja ali bii ndi oyilo, koma palibe makina ndi amodzi omwe asuntha. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Amene anandiwongola ndi telala wina wachikulire amene amasoka pakhonde la sitolo ku Limbe. Ndinapitako kukagula singano, ndipo poona kuti akupalasa makina onga anga ndinaima n'kuwafotokozera.

"Mwasinthapo chiyani, mwana wanga?"

"Zonse, madala. Singano, ulusi, tenshoni ya pamwamba, ya pansi."

"Nthawi imodzi?"

"Eya."

Anaseka osasiya kupalasa. "Ndiye ikachira mudziwa bwanji chimene chaichiza? Gwirani chimodzi, sokani mzere, yang'anani. Chikakana, chibwezereni mmene chinalili, kenako mugwire china."

Mawu oti "chibwezereni mmene chinalili" ndi amene ambiri timawalumpha. Ukamasula tenshoni n'kuisiya choncho, kenako n'kusintha singano, wapanga makina ena atsopano okhala ndi matenda awiri.

Nditafika kunyumba, Butterfly ndi 99K ndinaziika m'makatoni, chilichonse ndi tizitsulo take m'kabotolo kolembedwa dzina, n'kuzilowetsa kunsi kwa bedi. Pa thebulo panatsala Singer, kope la sukulu, bolopeni, tochi ndi mwendo umodzi wa jinzi ya pa kaunjika umene ndinaudula kuti ukhale woyesera. Nsalu yomweyo, ulusi womwewo, kutalika kwa sitichi komweko. Mzere uliwonse ndinkaulemba nambala pansalupo, ndipo m'kope ndinkalemba chimene ndasintha. Foni inkatsala kuchipinda chochezera.

Singano yatsopano ya saizi 16: kudumpha. Ya 18: kwachepako pang'ono koma kulipo. Ndinaonanso kaikidwe kake, poti apa m'pamene 15K88 imapusitsa anthu ozolowera Butterfly. Pa iyi mbali yaphwatalala ya singano imayang'ana kumanzere ndipo ulusi umalowa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Pa Butterfly ndi anzake otengera Singer 15 yakale zimakhala motembenuza. Zinali bwino. Kukanikiza kwa phazi ndinawonjezera, poti nsalu ikamanyamuka limodzi ndi singano ulusi supanga kakhwekhwe. Palibe chinasintha, ndinabwezera. Tenshoni ya pamwamba chimodzimodzi.

Pa bobini kesi ndipatukepo pang'ono, mwina wina apulumutsa ndalama zake. Zimene zadzaza m'masitolo a zosokera ku Limbe ndi mumsika wa Blantyre ndi zija chala chake, kachitsulo kotulukira kaja, chimaloza pa 1 koloko, za Butterfly. Ya 15K88 chala chimaloza pa 11 koloko. Poziona m'manja zimafanana, wogulitsa adzakuuzani kuti zonse ndi za Singer, koma sikhala m'malo mwake. Nyamulani yakale m'thumba mukafananize. Ine kumene ndimakonda kugula ndi kwa mayi wina amene ali ndi kabenchi mkati mwa msika wa Limbe. Katundu wake si wambiri, koma amakulola kutsegula paketi ya singano n'kuigubuduza pagalasi kuti uone ngati ndi yowongoka, ndipo akakhala kuti alibe chinthu amanena kuti alibe. Lamba wachikopa ndinamupezanso komweko. Wa pulasitiki uja amatereraterera nyengo yotentha ino, sindimufuna.

Zonse zapamwamba zitatha, panatsala kuyang'ana m'mimba. Ndinachotsa puleti ndi phazi, ndinatulutsa bobini kesi, ndinagoneka mutu wa makina chammbuyo, tochi kukamwa, n'kumazunguza gudumu ndi dzanja pang'onopang'ono. Amene munayang'anapo mukudziwa zimene zimachitika pamenepa. Singano imatsika mpaka pansi, ikayamba kukwera ulusi umakhwefuka n'kupanga kakhwekhwe pambali pa diso, ndipo nsonga ya shuttle, kachitsulo kokola ulusi kunsi kwa puleti, imayenera kudutsa pomwepo n'kukakola. Singano ikakwera mamilimita awiri ndi pang'ono kuchokera pansi penipeni, nsongayo izikhala itafika pa singano, pamwamba pa diso ndi milimita imodzi ndi theka kapena kuyandikira apo. Malo ake ndi ochepa choncho.

Madzulo oyamba sindinaone kanthu. Maso ankangoona zitsulo zikuyenda. Madzulo otsatira, nditazunguza kambirimbiri, ndinayamba kusiyanitsa: nsonga inkafika nthawi yake, koma inkadutsa pa diso penipeni, osati pamwamba pake. Ndiye kuti singano sinkatsika mokwanira. Pa nsalu yopyapyala kakhwekhwe kamakula, nsonga inkakakola mwamwayi. Pa jinzi ulusi umapanikizika, kakhwekhwe kamachepa, nsonga n'kudutsa pansi pake chimanjamanja. Singano ya 18 inkathandizako chifukwa imaboola bowo lalikulu, ulusi n'kumasuka pang'ono. Zonse zimene zinali m'kope zinagwirizana nthawi imodzi, mpaka ndinaseka ndekha.

Kutsegula chivundikiro cha kumaso, ndinapeza sikuluwu yomanga needle bar, chitsulo chogwira singano, ili yodyekadyeka mutu. Winawake kalekale anaigwirapo ndi sikuludiraiva yosayenera, kapena singano inagunda chinthu cholimba chitsulocho n'kutsetserekera m'mwamba, iye n'kungomanga pomwepo. Azakhali ankasoka poplini ndi nsalu za yunifolomu, n'chifukwa chake sanadandaulepo. Kumasula sikuluwu imeneyi ndiye kunandidyera masiku. Ndinkadonthezera palafini m'mawa ndisanapite kuntchito, madzulo n'kuyesa, osaikakamiza, poti ikanathyokera mkati nkhani ikanathera pomwepo. Ndinachita kupala sikuludiraiva ndi fayilo kuti ikhale ndendende mumng'alu wotsalawo. Tsiku lomwe inalira kuti "the" ndinatsitsa chitsulocho pafupifupi milimita imodzi, ndikuonetsetsa kuti chisapotoke, chifukwa chikapotoka diso la singano limayang'ana kumbali ndipo mwayambanso vuto lina. Kumanga, kubwezera puleti, mzere woyamba pa jinzi: mbee.

Milimita imodzi imeneyi sindikanaiona makina atatu ali pathebulo. Si nkhani ya nzeru ayi. Diso limafuna nthawi kuti lizolowere chinthu chimodzi, khutu nalonso. Pofika kumapeto ndinkatha kumva kusiyana kwa kulira kwa shuttle ikakola ulusi ndi ikaphonya, ndisanayang'ane n'komwe pansalu. Katswiri wina wofufuza za kagwiridwe ka ntchito, Sophie Leroy, analemba mu 2009 kuti munthu akasiya ntchito yosatha n'kuyamba ina, gawo la maganizo ake limatsalira ku yoyamba ija, ndipo yachiwiriyo saigwira ndi mutu wonse. Iye ankanena za anthu a m'maofesi, koma aliyense amene anayesapo kutchera tenshoni ya Butterfly uku akuganiza za sikuluwu ya Singer akudziwa kuti n'zoona. Chinanso n'chakuti ukabwerera ku makina amene unawasiya sabata yatha, theka la ola limathera kukumbukira kuti unalekera pati ndipo kasipuling'i aka kanachoka kuti. Kope lija linathetsa zimenezo.

Ndikudziwa alipo pakati pathu amene amati kukhala ndi ntchito zingapo kumathandiza, ina ikakukanika umapumira pa inzake. Pamene ukudikira kuti palafini alowe, kapena penti aume, ndikuvomereza. Koma pofufuza matenda, ayi. Pamenepo kuthawira ku makina ena n'kungothawa basi, ndipo vutolo umalipeza likukudikira pomwe unalisiya. Madzulo amene magetsi anazima ndi amene ndinagwira ntchito yabwino koposa: wailesi ya kanema zii, foni yatha moto, makina opalasa safuna magetsi.

Zotsala pa Singer: thabwa la pamwamba linafufuma ndi chinyezi mbali imodzi, ndiye ndikufuna ndikalankhule ndi akalipentala a ku Ndirande aone ngati angalipale kapena tingopanga lina la mlombwa, ngati thumba lilola. Maluwa agolide a pamutu anafufutika kutsogolo komwe azakhali ankakulungapo kansalu kobayapo mapini. Amenewo sindiwagwira, akhale choncho. Chopombera ulusi pa bobini chikufuna kamphira katsopano.

Ikatha imeneyi ndiye Butterfly ituluke kunsi kwa bedi, chifukwa alamu ayamba kundipatsa moni wa mbali imodzi. Kenako 99K, yomwe bobini yake ndi ya mtundu wina, wa 66, wogoneka, ndipo bobini yotere sindinaigwiritsepo ntchito. Amayi a Mvano kutchalitchi kwathu ali ndi makina angapo amene angokhala m'kabati, ndipo ndawalonjeza kuti chaka chisanathe onse adzakhala akulira. Ndikulotanso zosoka zikwama za kanivasi zokhala ndi chitenje mkati, mwinanso jekete yathunthu ya jinzi, ngakhale kolala sindinaisokepo chibadwire.

Pakadali pano, ngati wina ali ndi bobini kesi ya 11 koloko yongokhala, kapena sikuluwu ya needle bar ya 15K yamutu wabwino, andiuze. Tikhoza kusinthana ndi mapazi a Butterfly, ndili nawo ambiri.