Kabuluzi ka minga ka ku Australia

Abale anga, pa tinyama tonse ta m'chipululu, kamene kandigwira mtima kwambiri ndi kabuluzi ka minga ka ku Australia, kamene asayansi amakatcha Moloch horridus. Kamakhala m'madera ouma a mchenga a pakati ndi kumadzulo kwa dzikolo, komwe mvula imagwa mwa apo ndi apo.

Kutalika kwake ndi masentimita 20 basi, thupi lonse minga yokhayokha, koma kalibe ululu. Chakudya chake ndi nyerere zokha. Kamakhala m'mbali mwa mzere wa nyerere n'kumatola imodziimodzi ndi lilime, mpaka masauzande pa tsiku.

Koma chondizizwitsa ine ndi kamwedwe kake ka madzi. Pakati pa mamba ake pali timingalande ting'onoting'ono tokoka madzi. Kakaima pa mchenga wonyowa, kapena mame akakagwera pamsana, madziwo amayenda m'timingalandemo mpaka kukafika kukamwa, iko n'kumangomeza. Tangoganizani, madzi kukwera okha kuchokera kumapazi!

Kumbuyo kwa khosi kalinso ndi chotupa chooneka ngati mutu. Mdani akafika, kamazyolika, kubisa mutu weniweni pakati pa miyendo yakutsogolo, chotupacho n'kutsala poyera. Poyenda kamanyang'ama ngati nanzikambe.