Mmene tinaonetsera agogo filimu ya Kamkwamba pakhonde

Ine ndinakulira mu vidiyo sho. Pa Chitakale, pa Limbuli ngakhale pa Luchenza, mukamva chimkuzamawu chikukuwa panja pa kanyumba komata mazenera ndi mapepala akuda, ndiye kuti filimu yayamba. Pakhomo pamakhala bolodi lolembedwa ndi choko, umapereka kandalama kako n'kukapanikizana ndi anzako pa benchi. Malo amenewa ndimawakonda mpaka lero. Wamkulu wa m'filimu akagwetsa mdani nyumba yonse imafuula, ndipo DJ womasulira m'Chichewa uja akaponya nthabwala mumaseka limodzi ndi anthu oti simukudziwana n'komwe. Ukamaonera wekha pa foni zimenezi suzipeza.

Koma mwini vidiyo sho amaika zimene zimadzaza mabenchi: zakarate, zankhondo, za ku Nigeria, ndipo Loweruka ndi Lamlungu mpira wa ku England umalanda malo. Komanso si malo oti ungatengereko agogo ako. Phokoso, utsi wa jenereta, anyamata ongolowa ndi kutuluka, munthu wachikulire sangapirire maola awiri. Chonsecho filimu imene ndimaikonda kuposa zonse, The Boy Who Harnessed the Wind, ndi imene ndinkafunitsitsa kuti agogo aione. Inatuluka mu 2019, anaijambulira konkuno ku Malawi, ndipo imakamba za William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, mnyamata amene analeka sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kupanga makina oyendera mphepo ndi zidutswa za njinga ndi zitsulo zotola. Njala imeneyo agogo anaiona ndi maso awo, ife timangoimva. Ndiye ndinaganiza zoti kanemayo abwere pakhonde pawo, ngakhale kuti m'mudzi mwathu magetsi sanafike.

Ndinayamba ndi kusaka filimuyo. Njira yachidule ndi kupita ku burning centre ndi flash, koma sindinafune. Makope ambiri a kumeneko amakhala kuti DJ walankhula pamwamba pa mawu enieni, pomwe ine ndinkafuna agogo amve Chichewa chimene ochita sewerowo akulankhula okha, poti mbali yaikulu ya filimuyi ndi ya m'Chichewa. Chinanso, kope lotere silibweza kalikonse kwa amene anavutika kupanga filimu. Filimuyi ili pa Netflix, ndipo mphwanga amene amagwira ntchito ku Blantyre amalipira akaunti yake. Tinagwirizana kuti abwere ndi laputopu yake kumapeto kwa sabata.

Apa mpamene pamafunika kuwerengera bandulo. Filimuyi ndi yotalika pafupifupi maola awiri, ola limodzi ndi mphindi 53. Pa Netflix munthu amasankha yekha mulingo wa kaonekedwe ka chithunzi. Ukaika chapamwamba cha HD chimadya mpaka 3GB pa ola, chapakati chimadya cha m'ma 0.7GB pa ola. Pa TV yaing'ono ngati yathu chapakaticho chimaoneka bwinobwino, choncho 2GB ikanakwanira, koma tinagula yoposerapo chifukwa tinkadziwa kuti tidzabwereza malo ena. Musaiwale kutseka ma update a laputopu musanailumikize ku hotspot ya foni, apo ayi bandulo imatha filimu isanafike pakati.

Netiweki tinaiyesa masana, tisanaitane munthu aliyense. Kuno kumunsi kwa phiri imasiyana ngakhale pa bwalo limodzi lomweli: kuseri kwa khitchini kulibe, pafupi ndi mtengo wa mapeyala iliko. Tinayenda ndi foni pabwalo ponse, tikuseweretsa filimuyo pang'onopang'ono, mpaka tinapeza kuti pazenera la chipinda cha kumsewu siidukiza. Foni inakhala pomwepo usiku wonse, yolumikizidwa ku power bank, ndipo ana tinawauza kuti asaikhudze.

Nkhani ya moto ndiyo inandidetsa nkhawa kwambiri, koma itawerengedwa bwino inapezeka yosavuta. Tili ndi sola padenga, batire la 12V la 100Ah ndi inveta yaing'ono. Mukachulukitsa 12 ndi 100 mumapeza 1200Wh, womwe ndi muyeso wa moto umene batire limasunga, koma batire la asidi silifuna kukamidwa kupitirira theka, likatero limafa msanga. Ndiye moto woti tingagwiritse ntchito ndi wa m'ma 600. Kuseri kwa TV iliyonse kumakhala kapepala kolembedwa mawatsi ake. Yathu ya mainchesi 32 siipitirira 50. Kuphatikizapo sipika, kwa maola awiri, ngakhale kuonjezera umene inveta imadya yokha, sitinafike ndi pa 200 pomwe. Laputopu tinaitchajiratu kumsika kuti iyendere batire lake.

Vuto lenileni ndi lakuti batirelo likhale lodzaza. Inali Julaye, nyengo ya chiperoni, pamene mitambo imatha kuphimba phiri ndi minda ya tiyi masiku angapo osalola dzuwa kutuluka, sola n'kumangotchaja mwaulesi. Tinadikira tsiku lowala, m'mawa ndinakwera padenga kukapukuta fumbi pa sola, ndipo tsiku limenelo aneba amene amatchajitsa mafoni kwathu ndinawapempha kuti apirire. Powalipira, ndinawaitana kuti madzulo abwere adzaonere nawo. Palibe anadandaula.

Ndalama sitinalipiritse munthu. Kuonetsa filimu pagulu molipiritsa ndi nkhani ina, imafuna chilolezo cha Censorship Board, bungwe la boma lounika mafilimu, ndipo palinso bungwe la COSOMA loyang'anira za eni luso. Ifeyo tinali banja ndi aneba a nyumba zoyandikana basi.

Kulumikiza kunali kwachangu. Chingwe cha HDMI kuchoka ku laputopu kupita ku TV, n'kusankha HDMI pa rimoti. Chithunzi chikabwera koma mawu n'kumatulukabe pa laputopu, pitani pa kachizindikiro ka sipika kali pansi kudzanja lamanja, musankhe kumene mukufuna mawu azitulukira. Ife tinagwiritsa ntchito sipika ya Bluetooth ndipo tinaiika pampando pafupi ndi agogo, osati pafupi ndi TV, chifukwa makutu awo anayamba kulemera. TV inakhala patebulo pakhomo, yoyang'ana kubwalo. Ana pamphasa kutsogolo, amayi pambuyo pawo ndi zitenje zofunda, abambo pamipando chakumbali. Mwezi umenewu mdima umagwa isanakwane 6 koloko, choncho tinadya nsima msanga n'kuyamba mbale zitatsukidwa. Alamu anga anakazinga mtedza, ndipo mbaula inali pakati chifukwa kunkazizira zedi.

Chimene ndinachiganizira kwambiri ndi kumasulira. Malo ena, makamaka a kusukulu, amalankhula Chingerezi, ndipo mawu olembedwa pansi aja kwa agogo alibe ntchito. Mukalola aliyense kumasulira, pamakhala chisokonezo, wina akuti chakuti wina akutsutsa, filimu ikupita. Tinapangana kuti womasulira akhale mmodzi, mwana wa achemwali anga wa Folomu 3, ndipo mphwanga aziimitsa filimu pokhapokha zochitika za malo amodzi zikatha. Mtsikanayo amanena mwachidule, "Agogo, apa aphunzitsi akuti wosalipira fizi asabwerenso mawa," kenaka timapitiriza. Zinayenda bwino kuposa mmene ndinkayembekezera, ndipo mwanayo anaimva filimu mozama chifukwa ankadziwa kuti afunsidwa.

Atangolankhula bambo ake a William, agogo anatembenukira kwa ine. "Kodi bambowa kwawo n'kuti? Lilime lawo likulemera." Ndinawafotokozera kuti ameneyo ndi Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria, kuti ndi yemweyo anatsogolera kujambula filimuyi ndipo Chichewa anachita kuphunzira chifukwa cha ntchito imeneyi. Mnyamata amene akusewera ngati William, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya. "Ayesetsa ndithu," anatero agogo. Koma atamva Lily Banda, amene akusewera ngati mchemwali wake wa William, anagwedeza mutu n'kunena kuti uyu yekha ndi mwana wakuno. Pamene gule wamkulu anaonekera, ana anafunsa mafunso ambirimbiri, poti kuno kwa ife Alhomwe tinazolowera tchopa, ndipo amalume anatenga mphindi zingapo kuwafotokozera za miyambo ya Achewa a m'chigawo chapakati.

Pofika pa njala paja, pomwe anthu akukanganirana chimanga ndipo banja layamba kudya kamodzi patsiku, agogo anakweza dzanja. "Taimitsa kaye, mwanawe." Filimu inaima kwa nthawi yaitali ndithu. Anatiuza za gaga amene anthu ankamulimbirana kuchigayo, za zitsa za nthochi zimene ena ankasinja kuti apeze choika m'mimba, za mbale ndi zovala zimene zinagulitsidwa pa mtengo wa chitini cha ufa. Mayi wina wa nyumba yoyandikana anaonjezera zake, amalume zawo. Ana amene anabadwa zaka zambiri njalayo itapita anakhala chete, kumvetsera. Apa mpamene ndinaona phindu la kuonera pakhomo. Mu vidiyo sho palibe angakuimitsire filimu kuti nkhalamba ilankhule, ungotukwanidwa. Komanso chimene ndimachikonda ku vidiyo sho sichinasowe, chifukwa makina aja atazungulira madzi n'kutuluka, bwalo lonse linaomba m'manja, amayi n'kululutira.

Ana asukulu ndinawauzanso chinthu chimodzi chimene filimu inasintha. Makina oyamba amene Kamkwamba anapanga anali oyatsira mababu ndi wailesi kunyumba kwawo, zopopa madzi zinabwera pambuyo pake. Nzeruyo anaitenga m'buku la Using Energy limene anabwereka ku laibulale yaing'ono ya kwawo, Chingerezi asakuchidziwa bwino, akungotsatira zithunzi. Mnyamata wina anafunsa ngati dayinamo ya njinga ya bambo ake ingathe kuyatsa babu, ndipo bambo akewo anayankha msanga kuti njingayo asaiyandikire.

Titamaliza ndinazimitsa inveta ndisanazule zingwe, TV n'kuilowetsa m'nyumba nthawi yomweyo chifukwa mame a kuno sachedwa kulowa m'zipangizo. Batire linali lidakali ndi moto wokwanira kuunikira mawa lake. Agogo polowa kukagona anandifunsa ngati ilipo filimu ina yopangidwa ndi Amalawi okhaokha. Ndinawatchulira The Road to Sunrise ya Shemu Joyah ya 2017, koma imeneyo nkhani yake ndi ya akuluakulu, ana adzayenera kugona kaye. Mphwanga ndamutuma kuti akafufuze ku Blantyre kumene tingagule kope lenileni, ndipo ine ndikusunga ndalama ya chingwe chachitali kuti ulendo wina TV idzakhale pansi pa mtengo wa mapeyala, poti pakhonde panachepa.