Sabata imene lipoti la nkhanza za CIA linatuluka

Lolemba pa 8 Disembala 2014, pamsonkhano wa m'mawa umene timagawana ntchito pawailesi yathu, ndinapempha kuti gawo la nkhani zakunja, lomwe ndimakonza ine, aliwonjezere nthawi sabata yonseyo. Pempho lotere salilandira ndi manja awiri m'chipinda cha nkhani, chifukwa mphindi iliyonse yopita ku nkhani zakunja imachotsedwa ku nkhani zakwathu, ndipo zakwathuzo zinali zitaunjikana: milandu ya Cashgate, sitalaka ya ogwira ntchito m'makhoti ndi madandaulo a alimi pa makuponi a feteleza. Komabe zinali zitamveka kuti komiti ya nyumba ya malamulo ya Senate ku America, imene imayang'anira mabungwe a akazitape, itulutsa mawa lake lipoti la momwe bungwe la akazitape la dzikolo la CIA linkachitira ndi anthu amene linawagwira pambuyo pa chiwembu cha pa 11 Seputembala 2001. Mkonzi wathu wamkulu anandiyang'ana nati, “Achimwene, zimenezo n'za anthu a ku America okhaokha, omvera athu akudikira za feteleza.” Anandiwonjezera mphindi ziwiri basi.

Lipotilo linatuluka Lachiwiri, kuno dzuwa litalowa kale, ndipo intaneti ya mu ofesi inali ikukwawa moti nyuzi za usiku ndinazilemba ndisanaone ngakhale theka la masamba ake. Chimene chinaperekedwa kwa anthu ndi chidule cha masamba oposa 500, chochokera mu lipoti la masamba pafupifupi 6,700 lomwe likadali lachinsinsi, ndipo ngakhale m'chidulecho mayina a mayiko ndi a akazitape ena anawapaka inki yakuda. Zimene zinatsala zinali zokwanira kum'dwalitsa munthu. CIA inasunga anthu 119 m'ndende zobisika m'mayiko ena, 39 mwa iwo anazunzidwa ndi njira zimene akuluakulu anachita kuvomereza, ndipo osachepera 26 anasungidwa molakwika, malinga ndi miyezo ya bungwe lomwelo. Khalid Sheikh Mohammed, amene akumuimba mlandu wokonza chiwembu cha pa 11 Seputembala, anam'goneka chagada pathabwa, kum'phimba kumaso ndi nsalu n'kumam'thira madzi mpaka kumva ngati akumira, ndipo anatero maulendo 183. Ena sankawalola kugona mpaka maola 180. Mkaidi wina, Gul Rahman, anam'peza atafa ndi chisanu mu Novembala 2002 m'ndende ina ku Afghanistan, atamangidwa unyolo kukhoma, ali pasimenti wopanda chovala kuchokera m'chiuno kutsika, ndipo patangotha miyezi inayi akuluakulu a CIA analemba kalata yoti mkulu amene ankayang'anira ndendeyo alandire mphotho ya $2,500 chifukwa chogwira bwino ntchito. Akatswiri awiri a za maganizo amene anakonza njira zimenezi, kampani yawo inalandira $81 miliyoni.

Muulutsi wathu, mayi amene wakhala pamaikolofoni zaka zambiri ndipo sachedwa kuzindikira chimene chingamveke molakwika pampweya, anaima pa chiganizo chonena za akaidi amene ankawalowetsa chakudya kudzera kumalo ochitira chimbudzi popanda chifukwa chilichonse cha chipatala. Anandikumbutsa kuti nthawi imeneyo mabanja amakhala ali pamkeka, ana ali pomwepo. Tinagwirizana kuti aziyamba wachenjeza omvera, koma mfundoyo isachotsedwe, popeza ulemu umene tikanasunga pobisa zimenezi ukanateteza ozunzawo osati anawo. Tinatseka ndi mawu a mayi Dianne Feinstein, wapampando wa komitiyo, akuti nkhanzazi sizinali njira yothandiza kupeza uthenga woona, ndiponso a John McCain, amene iwo eni anazunzidwapo ali mkaidi wankhondo ku Vietnam, omwe anaima m'nyumbayo n'kusiyana ndi anzawo ambiri a chipani cha Republican poikira kumbuyo lipotilo.

Lachitatu, lomwe linali tsiku lokumbukira ufulu wa anthu padziko lonse, komanso pomwe pangano la United Nations loletsa kuzunza linakwanitsa zaka 30, ndinalithera pakuwerenga. Ntchito imeneyi siioneka ngati ntchito kwa munthu wodutsa pakhonde, chifukwa umangokhala phee maso ali pakompyuta, koma ndi pamene nkhani yeniyeni imapezeka. M'mawu ang'onoang'ono a m'munsi mwa tsamba, pamene anandandalika anthu osungidwa molakwika, ndinapeza munthu amene lipotilo likum'tchula kuti Abu Hudhaifa, ndipo likuti anam'miza m'madzi oundana n'kumuimiritsa osagona kwa maola 66, kenako n'kumumasula atazindikira kuti mwina sanali munthu amene ankamufuna. Dzina lake lenileni ndi Laid Saidi, wa ku Algeria, ndipo nkhani yake inalembedwa kale m'nyuzipepala ya New York Times mu 2006. Iye anafotokoza kuti apolisi a ku Tanzania anam'gwira mu Meyi 2003, kum'pititsa kumalire, n'kum'pereka m'manja mwa akuluakulu a ku Malawi, amene anam'sunga pafupifupi sabata asanam'pereke kwa anthu a ku America omwe anam'kweza ndege ya ku Afghanistan. Anakabwerera kwawo mu 2004 osazengedwa mlandu uliwonse.

Pamenepo nkhani ija inaleka kukhala ya anthu a ku America okhaokha. Lipoti la bungwe la Open Society la mu 2013 linatchula mayiko 54 amene anathandiza CIA pa ntchitoyi, ndipo Malawi ali pamndandandawo pamodzi ndi Kenya, South Africa ndi Zimbabwe. Ine mwini ndinali mtolankhani wachinyamata ku Blantyre mu Juni 2003, pamene anthu asanu achisilamu, awiri a ku Turkey, wina wa ku Saudi Arabia, wina wa ku Kenya ndi wina wa ku Sudan, anagwidwa usiku powaganizira kuti amathandiza gulu la al-Qaeda. Bwalo lalikulu la milandu linalamula kuti asatulutsidwe m'dziko muno, koma anatulutsidwa ndithu, ku Mangochi kunabuka zipolowe, ndipo patapita pafupifupi mwezi anthuwo anamasulidwa ku Sudan opanda mlandu. Ndinapita kuchipinda chosungira zakale kukafufuza matepi a nthawi imeneyo, ndipo mnyamata amene amasamala chipindacho anachita kupukuta fumbi pamakaseti ndi malaya ake tisanapeze makina oti n'kuwaseweretsa.

Kukangana kwenikweni kunabwera Lachinayi, nditapereka pepala la pologalamu yapadera imene ndinafuna iulutsidwe Lachisanu. Mkonzi wamkulu sanatsutse mfundo ngakhale imodzi, koma anadula mizere pansi pa mayina a atsogoleri ndi pansi pa dzina la dziko lathu, n'kundifunsa ngati sikukanakwanira kungonena kuti “akazitape ena analakwitsa”. Nkhawa yawo ndinaimvetsa, chifukwa mapologalamu athu angapo a zaumoyo amayenda ndi ndalama zochokera kunja, ndipo malipiro a anzathu ena amadalira zimenezo. Ndinene poyera kuti palibe aliyense wakunja amene anatiimbira foni kutiopseza. Mantha anali athu tokha. Ndinawayankha kuti, “Bwana, tikanena kuti akazitape ena analakwitsa ndiye kuti tanama, chifukwa zimenezi zinali ndi makalata ndi siginecha.” Ndinawaonetsa kuti pa 1 Ogasiti 2002 unduna wa zachilungamo ku America unatulutsa makalata, osainidwa ndi a Jay Bybee ndipo olembedwa mothandizidwa ndi a John Yoo, opereka chilolezo cha njirazi, kuti a George W. Bush, amene anali pulezidenti wa America panthawiyo, analemba okha mu 2010 kuti anavomereza zothira madzi zija, ndiponso kuti mu Disembala 2002 nduna ya zachitetezo, a Donald Rumsfeld, povomereza njira zopanikizira akaidi a kundende ya America ya ku Guantanamo, anawonjezera ndi cholembera chawo funso lakuti n'chifukwa chiyani akaidi aziima maola anayi okha pomwe iwo amaima maola 8 mpaka 10 patsiku. Munthu amene analemba mawu amenewa ali mu ofesi yake yozizira bwino sangakanidwe kutchulidwa dzina m'nkhani imene muli munthu amene anaimiritsidwa maola 66.

Chimene chimandiwawa kwambiri pa nkhani yonseyi ndicho chimene ndinawauza pomaliza. Zithunzi za kundende ya Abu Ghraib ku Iraq zitatuluka mu Epulo 2004, amene analowa m'ndende anali asilikali a maudindo aang'ono, monga Charles Graner yemwe anam'lamula zaka 10 ndi Lynndie England zaka zitatu. A Bybee anakwezedwa mu 2003 kukhala woweruza m'bwalo la apilo, a George Tenet amene ankatsogolera CIA analandira mendulo yapamwamba kwambiri ya boma mu Disembala 2004, matepi 92 a momwe ankafunsira akaidi anawonongedwa mu 2005 popanda wozengedwa mlandu, ndipo kafukufuku wa unduna wa zachilungamo anatsekedwa mu 2012. Ukonde umenewu unagwira usipa, kampango n'kudutsa. Ngati ifenso pawailesi titchula asilikali aang'ono n'kusiya amene anasaina, ndiye kuti tikuthandiza kuluka ukonde womwewo. Mkonzi anakhala chete kwa kanthawi, kenako anavomera, koma anaika lamulo loyenera lakuti mbali ya oimbidwa mlanduwo imveke mokwanira, ndiponso kuti titumize mafunso olembedwa ku ofesi ya boma yoyenera pa za 2003. Mafunsowo ndinawatumiza masana omwewo, ndipo pofika nthawi youlutsa anali asanayankhidwe, zomwe tinawauza omvera.

Mupologalamuyo ndinalumikiza kuzunzaku ndi nkhondo ya ku Iraq, chifukwa anthu ambiri amaziona ngati nkhani ziwiri pomwe zinatuluka m'nyumba imodzi. Pa 5 Febuluwale 2003, nduna yoona za kunja ya America, a Colin Powell, anauza khonsolo ya zachitetezo ya United Nations kuti boma la Saddam Hussein linaphunzitsa anthu a al-Qaeda kugwiritsa ntchito zida za poizoni. Umboni umenewo unachokera kwa Ibn al-Shaykh al-Libi, mkaidi amene CIA inam'pereka ku Egypt, yemwe mu 2004 anaubweza n'kunena kuti anangopeka kuti aleke kumuzunza. Patangotha masiku khumi a Powell atayankhula, anthu miyandamiyanda anachita zionetsero zokana nkhondoyo, ku London kokha pafupifupi miliyoni, koma a Bush ndi nduna yaikulu ya Britain, a Tony Blair, anailowabe pa 20 Malichi. Zida zoopsa zimene ankanena sizinapezeke, asilikali a America pafupifupi 4,500 ndi a Britain 179 anafa, anthu wamba a ku Iraq oposa 100,000 anaphedwa, ndipo mu Juni 2014 mzinda wa Mosul unagwa m'manja mwa gulu la Islamic State. Kumbali ya CIA tinaika mawu a mkulu wake, a John Brennan, amene Lachinayi anavomera kuti zina zimene zinachitika zinali zonyansa, koma anaumirira kuti akaidi amene anachitidwa zimenezi anapereka uthenga wothandiza.

Titatsegula mafoni, woyamba kuimba anali bambo amene anatikumbutsa mwaukali kuti mabomba a ku Nairobi ndi Dar es Salaam mu 1998 anapha anthu oposa 200, ambiri mwa iwo Aafirika, ndipo anafunsa ngati zigawenga zotere n'zoyenera kuzinyengerera. Funso lawo linali lolemera ndipo sindinalipeputse. Ndinawayankha kuti pangano lija loletsa kuzunza la 1984, lomwe America inalivomereza mu 1994 ndipo Malawi analowamo mu 1996, limanena kuti palibe nkhondo kapena ngozi imene ingakhale chifukwa chozunzira munthu, ndiponso kuti wozunzayo sadziwa ngati amene ali m'manja mwake ndi chigawenga kapena ndi mmodzi mwa 26 aja. Agogo ena amene anati anakhalapo ku Mikuyu m'nthawi ya chipani chimodzi ananena modekha kuti munthu akamamenyedwa amatchula ngakhale dzina la mayi ake om'bereka, ndipo anamaliza ndi mawu akuti mlandu suola. Mayi wina anafunsa chifukwa chimene Malawi anatayira mwayi wochititsa msonkhano wa African Union mu 2012 pokana kulandira a Omar al-Bashir, mtsogoleri wa Sudan panthawiyo amene ankafunidwa ndi khoti la milandu ya padziko lonse, pomwe atsogoleri a mayiko olemera akuyenda momasuka. Ndinawauza kuti a Desmond Tutu anafunsanso chimodzimodzi chaka chomwecho, pamene anakana kukhala pansanja imodzi ndi a Blair ku Johannesburg n'kunena kuti a Blair ndi a Bush akayankhe kukhoti lomwelo ku The Hague. Maganizo anga ndi akuti kukondera kumeneku sikuchotsa mlandu wa a al-Bashir pa za ku Darfur, koma kumaonetsa kuti pali enanso ofunika kuitanidwa. Ndinawonjezera kuti nyumba ya malamulo ya America, ndi zofooka zake zonse, inafufuza boma lake n'kutulutsa zimene inapeza, ndipo nyumba yathu nayo ili ndi makomiti amene angafunse kuti ndani analamula kuti chigamulo cha bwalo lalikulu chiponderezedwe mu 2003, pomwe gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kuzunza kwa mtundu uliwonse.

Lamlungu madzulo ndinabwereranso ku ofesi kukakonza nyuzi za m'mawa, ndipo ndinapeza kuti a Dick Cheney, amene anali wachiwiri kwa a Bush, ayankhula pakanema wa NBC. Atafunsidwa za Gul Rahman ndi za anthu amene anasungidwa molakwika, anayankha kuti chimawadetsa nkhawa kwambiri ndi zigawenga zimene zinamasulidwa, ndipo anati zonsezi akhoza kuzichitanso mosazengereza. Mawu amenewa ndinawaika pamwamba pa nkhani zakunja monga momwe anawanenera, pansi pake ndinaika a Ben Emmerson, nthumwi yapadera ya United Nations, amene anati akuluakulu amene anakonza ndi kuvomereza nkhanzazi ayenera kuzengedwa milandu, kenako ndinatumizanso mafunso athu aja ku ofesi ya boma, nthawi ino ndi kalata ina yopita kwa wapampando wa komiti ya zamalamulo ku nyumba ya malamulo.